Mawu Achiwiri pa Kaseti ya Bambo

Mnyamata wina analowa m'shopu yochapira zovala atakoleka jekete pamkono. Mtsikana wa pakauntala sanamuone n'komwe. Anali kalikiliki kupinda malaya, uku akuyimba chapansipansi.

"Pepani chemwali, nyimbo imeneyo ndi ya Anayi a Pakhonde, eti? Komatu aliyense amayimba mawu otsogolera. Inu mukuyimba achiwiri. Anakuphunzitsani ndani?"

Mtsikanayo anasiya kupinda malaya. Zaka zisanu chimwalirireni bambo ake, panalibe anamufunsapo funso lotere.

"Ankatsogolerawo anali bambo anga."

"Mawu a Uchi? Bambo anu?" Jekete ija inagwa pansi.

Inu ana a lero mwina simukuwadziwa Anayi a Pakhonde. Anali amuna anayi, masuti ofanana, maikolofoni imodzi, nyimbo zofewetsa mtima zija amati za soul. Wotsogolera wawo, amene ankamutcha Mawu a Uchi, akatsegula pakamwa, amuna ankapepesa akazi awo asanalakwe n'komwe! Atatu anatsogola. Anatsala mmodzi, a Besi, amene tsopano ankasoka nsapato pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja.

Mnyamata uja ankasakaniza mawu pa wailesi, ndiye mtsikanayo anangomutcha Wapawailesi. Koma pakamwa pake, abale inu! Dzuwa likangotuluka, foni inkalira.

"Duwa langa, wadzuka bwanji? Ndakulota ukundiyimbira."

Masana uthenga wina: "Magetsi atazima dziko lonse, ine ndingakupeze ndi mawu ako okha."

Ndani sakanagwa? Mtsikanayo anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe, mpaka tsiku lina anapsereza kolala ya kasitomala akumwetulira foni.

Mwezi wachinayi mtsikanayo anamuululira chinsinsi. M'chikwama cha bambo ake munali kaseti imene dziko silinaimvepo. Anaijambula pabalaza, bambo atadwala kale chifuwa, iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Bambo anatsogolera, iye akuwayankha ndi mawu achiwiri. Kunja kuno kunalibenso pena pamene mawu a awiriwa anakumana.

"Wapamtima, makaseti amavunda," anatero Wapawailesi atamugwira dzanja. "Ndipatse ndiisamutsire pa kompyuta. Ndikulonjeza, sindikhudza ngakhale mpweya umodzi. Tsiku lowakumbukira bambo, dziko lidzakumvani awiri."

Anamupatsa.

Tsiku lokumbukira linafika, Lamlungu masana. Mtsikanayo anawaitana a Besi kunyumba. Anabwera atavala suti yakale ija, mabatani akukana kukumana pamimba.

"Amalume, mupuma bwanji mmenemo?"

"Woyimba amapumira m'nsapato, mwana iwe. Kweza wailesiyo."

Poyamba a pa wailesi anaika nyimbo zakale. A Besi anatsinzina, chala chikugogoda bondo, akulowa pamalo pawo ngati anzawo atatu aja ali pomwepo. Kenako kunamveka mawu a Wapawailesi, osalala ngati masiku onse.

"Okondedwa omvera, nayi nyimbo yomaliza ya Mawu a Uchi, imene simunaimvepo."

Bambo anayamba. Mtsikanayo anagwira pachifuwa, misozi ili chuchuchu, kudikira kudzimva yekha ali mwana.

Mawu achiwiri analowa. Sanali ake.

Anali a mkazi wina, okoma ndithu, akuthwa, osaphonya. Koma ake anapita kuti? Chiseko chake chapakati pa nyimbo chija, pamene bambo anamutsinzinira diso, chinapita kuti?

A Besi anatsegula maso. "Ameneyu ndani? Akumuthamangitsatu mnzanga. Sakumupatsa mpata."

Nyimbo itatha, Wapawailesi anapitiriza monyadira: "Mwamumvayo ndi nyenyezi yatsopano. Ine ndi iye takhala tikuisakasaka kaseti imeneyi kwa chaka chathunthu."

Chaka chathunthu! Mtsikanayo anawerenga zala. Iwo anadziwana miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Ndiye kuti mnyamatayo ankadziwa kale kuti kasetiyo ilipo, ankadziwanso mwana wa mwini wake ndi kumene amagwira ntchito. Zinamupweteka, zinamuchititsanso manyazi, poti iye anakonda ndi mtima wonse.

Pulogalamu itangotha, foni inalira.

"Switi wanga, wamva? Mafoni sakuduka kuno! Bambo ako auka lero!"

"Mawu anga uwachotseranji?"

"Aa, usakwiye duwa langa. Ndi nkhani ya ntchito chabe. Unali mwana, unkachedwa. Mzere uliwonse unkalowa mochedwa, anthu akanakuseka. Ndakuteteza."

"Nanga chaka chathunthucho?"

Munthu wa pakamwa pa shuga uja anatsitsa mawu.

"Poyamba inalidi kaseti," anatero. "Koma kenako ndinakukondadi, ndikulumbira."

Mwina ankanena zoona. Mtsikanayo analingalira zimenezo, n'kupeza kuti sizikusintha kanthu. Anayang'ana a Besi, amene anali atavula chipewa, maso ali pansi.

"Kaseti yanga ukaisiye kwa amalume mawa," anatero modekha. "Ku shopu usadzapondeko. Koma ndikuuze chimodzi, poti makina ako sanakuuze. Masiku amenewo bambo sankatha kumaliza mzere osaima. Ine sindinkachedwa ayi. Ndinkawadikira apume."

Anadula foni.