Dziko Limene Mwana Anabwera

Mphunzitsi wa sayansi anatseka labu usiku utapita kale, mutu ukuwira ndi chisangalalo. Tsiku lonse anavutitsa anzake ndi nkhani imodzi: ngati thambo lilibe malire, ndiye kuti kwinakwake kuli dziko longa lino, sukulu yomweyi, choko chomwechi, ngakhale iye mwini ndi nsapato yake yong'ambikayo. Osati limodzi ayi, maiko osawerengeka! Munthuyu akagwira mfundo sankaisiya, moti anzake ankathawa tiyi asanathe m'kapu.

Ali pageti foni inalira. Anali mkazi wa mkulu wake.

"Alamu, achimwene anu akukufunsani. Adokotala akuti usiku uno ndi wovuta."

"Ndamva, alamu. Ndibwera mawa."

Iye ndi mkulu wakeyo sankalankhulana chikanganirane za njinga yamoto ya malemu bambo awo. Mtima unamuluma ndithu, koma anauziziritsa ndi sayansi yakeyo. "Kumaiko enawo ine wina wafika kale kuchipatala," anatero akuseka yekha mumsewu. "Wapepesa, pano akuwasendera malalanje. Nanga tonse tizipita?"

Pamlatho magetsi anali atazima. Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso ngati ka wilo losowa mafuta. Kwii... kwii...

Anaima. Nako kanaima.

Anayenda. Kwii...

Anacheuka. Mayo! Bambo wokalamba, wopanda nsapato, atavala mkanjo wa odwala, akukankha chitsulo chopachikapo diripi. Pachipumi panali chipsera chachikulu.

"Mukunena zoona, aphunzitsi. Maikowo alipo. Ine ndawayenda."

Tsitsi linaima, koma chidwi chinaposa mantha. Umboni uwu, wabwera wokha ndi miyendo!

"Mwawayenda, bambo? Ali bwanji? Ndiuzeni!"

"Chimodzimodzi. Mlatho womwewu, bedi lomwe lija. Ndikufuna limodzi lokha limene mwana wanga anabwera kudzandiona."

"Ndiye... simunalipeze?"

"Konse akuti abwera mawa. Aliyense akudalira mnzake wa kudziko lina."

Mphunzitsi anayang'ana botolo la diripi. Louma gwa, lodzaza fumbi. Anatsitsa maso... Pansi panalibe mapazi! Anakweza maso. Panalibenso nkhope. Kaphokoso kokha kanamudutsa pambali, kozizira, nkumapita. Kwii... kwii...

Liwiro lake! Chikwama chinatsala pamlatho. Njira yakwawo anaipitirira osaiona nkomwe, ndipo anakafika pakhomo la wodi ya abambo thukuta lili kamukamu. Namwino wachikulire anamutsekereza ndi thireyi ya mankhwala.

"Nthawi yoona odwala inatha kalekale, bambo."

"Pepani mayi, ndabwerera achimwene anga, amene adokotala akuti usiku uno... Komanso wodwala wanu wina wathawa! Ali pamlatho ndi diripi, wachipsera pachipumi."

Namwinoyo anaika thireyi pansi pang'onopang'ono, nkumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyo anamwalira ine ndikadali mtsikana, ndikungoyamba kumene ntchito. Ndinamutseka maso ndine. Anafera pabedi la pakona, akuyang'ana kukhomo."

Kenako anakankha chitseko ndi phewa.

"Lowani msanga. Pabedi lomwelo pagona achimwene anu, ndipo nawonso chifikireni sanachotse maso pakhomo pano."