Febby ndi Timizere ta Nyimbo

Febby amakhala ku Malota. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Lero Febby ali ndi nkhawa.

Mkulu wake Lydia akukwatiwa Loweruka. Bambo awo, a Alick, apeka nyimbo ya ukwati. Koma a Alick adwala chimfine. Mawu awo atha. Sangayimbe. Sangaphunzitse kwaya.

"Batate, manje kwaya izaidziwa bwanji nyimbo?" anafunsa Febby.

A Alick analoza kompyuta. Manotsi onse anali momwemo, timadontho takuda pa mizere isanu. Mawu a nyimbo okha ndiwo kunalibe. Maso a bambo ankawawa ndi kuwala.

"Gonani, Batate. Nizalemba ndine," anatero Febby.

Febby ankawadziwa mawu a nyimboyo. Analemba kuti Yendani. Mawu onse anadzadzana pansi pa kadontho kamodzi. Febby anayesa kuyimba. Lilime linakodwa.

"Ni vothinana monga mu minibasi," anatero.

A Alick anamwetulira. Anagogoda tebulo ndi chala. Go. Go. Go.

Febby anamvetsera. Bambo anagogodanso. Go. Go. Go.

Febby anaganiza. Anagogoda nawo. "Ye. Nda. Ni. Ni vitatu!"

Analemba Ye. Anadina kamzere. Kompyuta inalumphira pa kadontho kena. Analemba nda. Anadina kamzere. Analemba ni.

Ye-nda-ni. Kadontho kalikonse kanapeza mnzake.

Bambo ankagogoda. Febby ankalemba. Go, kamzere. Go, kamzere. Anafika kumapeto. Li-mo-dzi.

Mawu anatha. Koma timadontho tinayi tinatsala.

"Batate, utu tulibe mawu. Nitufute?"

A Alick anapukusa mutu. Anayika chala patebulo. Sanagogode. Anachikoka pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa tebulo.

Febby anayang'ana chalacho. Kunja kunadutsa sitima. Inalira mokoka, osaduladula.

"Mufuna dzi akhale mutali?" anafunsa.

Bambo anavomera ndi mutu.

Febby anayika timizere tinayi. Bambo anapukusanso mutu. Kamzere kapakati kamadula mawu. Apa panalibe choti adule.

Febby anayang'anitsitsa batani la kamzere lija. Linali ndi mizere iwiri. Wina unali waufupi. Wina unali wautali. Anagwira batani la muvi ndi chala chimodzi. Anadinanso la kamzere ndi china.

Mzere unatuluka pansi. Unatalika. Unadutsa timadontho tonse tinayi.

Dzi____

A Alick anawomba m'manja kawiri.

Madzulo Febby anasindikiza mapepala pa shopu ya kumsika. Anapita nawo ku tchalitchi. Anapereka kwa a Sikota, omwe amayimba kiibodi.

"Walemba ni ndani?" anafunsa a Sikota.

"Ni batate. Ine naikako chabe tumizere."

Loweruka linafika. Febby anakhala pafupi ndi bambo. Kodi kwaya iyimba bwino?

Kwaya inayimirira. "Ye-nda-ni li-mo-dzi."

Dzi uja anatalika. Anakwera. Anatsika. Palibe amene anamudula.

Lydia anatembenuka. Anayang'ana bambo ake. Misozi inali m'maso.

A Alick anawerama. Ananong'oneza Febby m'khutu. Mawu anali aang'ono, osasa.

"Ni mwamene ninaimvelera mumtima."

Febby anawagwira dzanja. "Shii, Batate. Sungani mawu. Kukali vesi yachiwiri."