Tegan ndi Mbalame Yoba Soseji

Tegan ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kudya soseji yake mpaka kumapeto.

Tegan anali kunkhalango ya boma. Anapita ndi amayi ake. Anapitanso ndi amalume ake, a Wade. Anamanga matenti pansi pa mitengo ya bulugamu. Anati akhala kumeneko sabata yonse.

Maso a amayi sankachoka pa Tegan. Ankakutumula nsapato zake, kuopa akangaude. Ankamuletsa kulowa m'maudzu, kuopa njoka. Ankamuveka chipewa, kuopa dzuwa. Chipewacho chinali chotambalala ngati beseni. Tegan ankadana nacho.

Masana amalume anakazinga soseji pachiwaya. Imodzi anaikulunga ndi buledi. Anathira sosi. Anapatsa Tegan.

Tegan anavula chipewa. Anakweza soseji. Anatsegula pakamwa.

Phaa! Mbalame inatsika mumtengo. Inatsomphola soseji. Tegan anatsala ndi buledi yekha.

Inali mbalame ya mlomo waukulu yotchedwa kukabara, imene imalira ngati munthu akuseka. Inabwerera panthambi. Inameza. Kenako inaseka. Ku-ku-ku-ka-ka-ka!

Amalume nawonso anaseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

Amayi sanaseke. Anagwira dzanja la Tegan. Anayang'ana chala chilichonse. Soseji zotsala zinali za mawa. Tegan anadya buledi ndi sosi.

Tegan anakwiya. Anaponda pansi. Anaponya chipewa m'fumbi.

Mawa lake anabisala kuseri kwa galimoto. Mbalame inamupeza. Phaa!

Tsiku lina analowa nayo soseji m'tenti. Amayi anamutulutsa. Anati chakudya m'tenti chimaitana nyerere. Tegan anangoti atuluke, phaa!

"Dona, mnzako uja akuthokoza," anatero amalume. "Akuti mawa uwonjezere sosi."

"Si mnzanga. Ndi mbava. Ndipo inu musandiseke."

Tegan anakwiyira mbalame. Anakwiyira amalume. Anakwiyiranso chipewa. Anati akufuna kubwerera kunyumba. Amayi anati apirire, sabata yatsala pang'ono kutha.

Tegan anachokapo. Anakhala pachitsa. Anatupa masaya. Anayamba kuyang'anitsitsa ngati amayi ake.

Anaona mbalame ikuuluka. Inapita kuseri kwa tenti ya amalume. Tegan anaitsatira monyang'ama. Anasuzumira.

Amalume anali pomwepo. Ankaponyera mbalame tizidutswa ta nyama.

"Idya, bwanawe. Koma usakauze chemwali anga."

Tegan anathamanga. Anauza amayi zonse.

Tsopano amene anakwiya ndi amayi. Anafika patenti manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mulibe manyazi? Mwana akugona ndi buledi, inu mukunenepetsa mbava? Mlomo umene uja ukanamubaya m'diso, mukanati chiyani?"

Amalume anakanda mutu. Anati kanali kanyama kakang'ono chabe. Amayi anati oyang'anira nkhalango amaletsa zimenezo. Anati chakudya cha anthu chimadwalitsa mbalame. Anati mbalame yodyetsedwa imasiya kuopa anthu. Amalume anapepesa. Analonjeza kuti asiya.

Koma mbalame inali itazolowera kale.

Tsiku lomaliza linafika. Soseji zomaliza zinali pachiwaya. Mbalame inali panthambi pake.

Tegan anayang'ana mbalame. Mbalame inali m'mwamba. Inkaonera zonse kuchokera m'mwamba. Tegan anaganiza.

Anatola chipewa chija. Anachisasa fumbi. Anachivala yekha. Amayi anaona.

Tegan analandira soseji yake. Sanaikweze. Anawerama. Anailowetsa pansi pa chipewa.

Mbalame inapendeka mutu uku. Inapendeka mutu uko. Inangoona chipewa basi.

Tegan analuma. Anatafuna. Analumanso. Sosi anayenderera pachibwano.

Amalume anali ataimirira. Ankayankhula uku akugwedeza soseji yawo m'mwamba.

"Mwaona? Mnzanga uja ndamulangiza ine. Wasintha."

Phaa!

Amalume anatsala ndi buledi yekha. Anangoti kakasi, pakamwa pululu.

Ku-ku-ku-ka-ka-ka!

Tegan anameza chidutswa chomaliza. Anadzutsa mutu. Anapukuta chibwano.

"Amalume, mnzanu uja akuthokoza. Akuti mawa muwonjezere sosi."

Amayi anayesa kudzigwira. Analephera. Anaseka mpaka misozi. Tegan anaseka kuposa mbalame.

Kenako amayi anadula soseji yawo pakati. Theka anapatsa amalume. Tegan anavula chipewa. Anawaveka amalume kumutu.

"Weramani," anatero. "Musaikweze."

Amalume anawerama. Anadya mwakachetechete ngati mwana wabwino.

Atamaliza, Tegan anatambasula dzanja. Ankafuna chipewa chake. Dzuwa linali likadaswa mtengo.