Matiresi Onyowa a ku Bertrams

Chodabwitsa choyamba chinali matiresi. Elia anaweruka ku ntchito yake ya ulonda m'mawa wina m'chisanu cha 2003, ndipo atadziponya pabedi anamva chinyontho chikuboola malaya mpaka kumsana. Silinali denga lodontha, pakuti ku Joni mvula siigwa mu Juni. Anali madzi ozizira kwambiri, onunkha sopo wosakanizika ndi kafungo kena konyansa, ngati ka nyama yogonera m'pepala la pulasitiki.

Chipindacho anali asanachivomere kwenikweni. Mkazi wake Veronika anali pafupi kubwera kuchokera ku Ntcheu ndi mwana wawo wamng'ono, ndipo Elia anali ndi malo awiri oti asankhepo. Ku Zandspruit mlamu wake anamupezera kanyumba ka malata m'mphepete mwa kamtsinje, koma tsiku limene anakakaona anabwerako atagwira mphuno. Madziwo anali obiriwira, pamwamba pakuyandama matewera ndi galu wakufa wotupa mimba, ana akusewera pomwepo. Kuno ku Bertrams kunali nyumba ya njerwa, mpopi ndi magetsi, ndipo chipindacho chinali ndi khomo lakelake lotulukira kuseri. Eni ake, a Aloysius, anali a kwawo komweko ku Ntcheu, ndipo ntchito yawo inali yonyamula katundu wa anthu pa thirela kupita naye kumudzi.

"Yesani mwezi umodzi, achimwene," anatero a Aloysius tsiku loyamba. "Za lendi tidzamvana. Ine chachikulu ndimafuna munthu wogwira ntchito usiku. A masanawa amasokosa."

Elia anayanika matiresiwo padzuwa n'kuiwala. Koma patapita masiku, anapeza thaulo lake lili lonyowa, litamatirira tsitsi la imvi, pamene iye analibe imvi ndi imodzi yomwe. Beseni limene ankaliika pansi pa bedi analipeza kuseri kwa chitseko, m'mbali mwake muli ndere yotuwa ya mafuta. Sopo ankatha ngati akudyedwa. Tsiku lina akusesa anatola timibulu ta thonje, tina todetsedwa mbali imodzi, ndipo atatinunkhiza anataya tsache n'kuthamangira panja kukalavula.

Kenaka anasowa malaya ake a kutchalitchi, a nsalu yachikasu ya madontho akuda, amene Veronika anamusokera yekha ndi manja asananyamuke.

Pampopi anakumana ndi Matildah, mayi wa ku Zambia amene ankakhala chipinda choyandikana ndi chake. Mayiyo anayang'ana uku ndi uku, n'kutsegula madzi kwambiri kuti mawu ake asamveke.

"Ba Elia, imwe mumagona bwanji muja?" ananong'oneza. "Mukapita kuntchito, masiku ena mumamveka madzi. Kukhuthula, kukhuthula, mpaka tambala kulira. Ndipo pali munthu amayimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Ena akuti ndi mzungu amene anafera m'nyumba muno kalekale, ena akuti ndi kachiwanda kaja amati tokoloshi. Ine ndimangofunda kumutu. Amene analimo musanabwere anachoka osatsanzika, mapoto omwe anasiya."

Elia atafunsa a Aloysius, iwo anaseka mpaka kutsokomola. "Chinyontho ndi makoswe, achimwene. Nyumba zakalezi zili choncho. Azimayi musamawamvere."

Msana wa Elia unayamba kuyabwa. Panatuluka tizilonda tofiira kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno, ndipo kafungo kaja kanamulowa m'khungu moti mnzake wa kuntchito anamufunsa ngati wayenda ndi nyama m'chikwama. Komabe akakumbukira galu wa ku Zandspruit uja, ankadziuza kuti kuli bwino kuno.

Lamlungu anapita pa shopu ya matelefoni kukayimbira Veronika, amene ankadikira pa golosale ya kwawo monga mwa pangano. Atangoti "halo", mkaziyo anayamba kulira mosatonthozeka.

"Muli moyo, bambo a mwana? Ndinu ndithu?"

"Ndine. Chachitika n'chiyani?"

"Lachinayi kunali maliro kutsidya, a bambo wina amene anamwalirira ku Joni komweko. Poona nkhope, ine maso anga anagwera pa malaya. Anu aja! Kolala yake ndinaisoka ndekha, ulusi unandithera n'kumalizira ndi wofiira. Ndinagwa pomwepo, anachita kundithira madzi. Malaya anu alowa m'manda, bambo a mwana. Anawapeza bwanji?"

Elia anabweza lamya pamalo pake n'kubwerera ku Bertrams.

Anadikira mpaka madzulo ena pamene anaona thirela itapakiridwa theka, mafiriji ndi njinga zitamangidwa koma pakati patasiyidwa mpata wautali. Anavala yunifolomu, n'kutsanzika mokweza monga mwa nthawi zonse, koma anakapempha mnzake kuti amugwirire ntchito, iye n'kubwerera kudzabisala kuseri kwa chimbudzi cha panja.

Chisanu chinamuluma zala. Phokoso la mataxi linazirala pang'onopang'ono, mawailesi a m'zipinda anazima, kunangotsala agalu akutali ndi kudontha kwa mpopi. Kenaka geti linalira mopepuka, ngati lathiridwa mafuta. Galimoto inalowa chobwerera m'mbuyo, nyali zili zozima. Anthu awiri anatsitsa chinthu chachitali chokulungidwa m'bulangeti, chikulendewera pakati, ndipo kiyi anatembenuka pa khomo lake popanda kukakamira. M'katimo munayaka kandulo. Madzi anayamba kukhuthuka, ndipo mawu a munthu wamkulu anayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro.

Elia anayandikira mwakachetechete n'kusuzumira pa mpata wa katani.

Pabedi pake panagona mtembo wa mwamuna wowonda, wopanda chovala, mutu uli pa pilo wake. A Aloysius anali atapinda mikono ya malaya awo, akuupukuta m'khwapa ndi thaulo lake lomwe lija. Mnzawoyo ankaumeta ndevu ndi lezala la Elia, akulitsuka m'kapu imene iye ankamwera tiyi. Kukamwa kwa mtembowo kunkatuluka timadzi takuda tikuyenderera pa pilo, ndipo a Aloysius anang'amba thonje n'kulikankhira m'mphuno ndi chala.

Zonse zimene Elia anadya tsikulo zinabwerera. Anasanza pakhoma, ndipo atadzutsa mutu anapeza chitseko chili chotsegula, a Aloysius ataima pomwepo, thaulo lili paphewa.

"Mwaweruka msanga, achimwene," anatero modekha.

"Pabedi panga, abambo? Thaulo langa? Malaya a mkazi wanga?"

"Tsitsani mawu, mudzutsa anthu. Uyu alibe mapepala. Kumotchale akamutenga, akamukwirira ngati galu, opanda dzina. Amayi ake akumudikira ku Ntcheu. Tikamusambitsire kuti, pamsewu? Ndipo akafike kwawo wamaliseche?"

"Bwanji osati m'chipinda chanu?"

A Aloysius anakwinya nkhope ngati amva zopusa. "M'mene ndimagona ine? Inu usiku simukhalamo. Iwo masana sakhalamo. Palibe amene akulanda mnzake." Anapukuta manja pa thaulo lija n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inunso mapepala mulibe. Tsiku lanu likadzafika, mudzathokoza kuti pali bedi."

Elia sanalowenso m'chipindamo. Anakhala pampopi akudzikwecha ndi mchenga m'madzi ozizirawo mpaka khungu linatuluka magazi, thirela n'kunyamuka iye akuona. Zovala, mabulangeti, mapoto, zonse anazisiya. Anatsimikiza kuti Veronika ndi mwana akafikira ku Zandspruit, pa kamtsinje konunkha kaja.

Kutacha, akutuluka pageti, anakumana ndi bambo wovala yunifolomu ya ulonda ngati yake, maso ofiira ndi tulo, atanyamula chikwama chong'ambika. Anati dzina lake ndi Suwedi, ndipo anamva kuti pano pali chipinda. Kuyambira pamene anafika ku Joni ankagona pansi pa masitepe a sitolo imene ankalondera.

Elia anamukokera pambali n'kumuuza zonse, osabisa kanthu: thonje, lezala, timadzi takuda ta pa pilo. Suwedi anamvetsera atagwira pakamwa, n'kulavulira pansi kawiri. Kenaka anayang'anitsitsa nyumba ya njerwayo, mawindo ake agalasi, ndi waya wa magetsi wolowa pansi pa denga.

"Koma ndi usiku wokha, eti?" anafunsa motsitsa mawu. "Masana chimakhala changa?"

Ndipo anatambasula dzanja kuti alandire kiyi.