Froso ndi Kambale ka Utsi

"Froso, tandiyang'ana," anatero Amayi. "Kumene tikupitaku kuli mavu. Patebulo adzaikapo kambale ka utsi. Usakakhudze. Wamva?"

"Ndamva, Amayi," anayankha Froso.

Koma Froso sanamve. Makutu anali pano. Mtima unali kunyanja.

Froso ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuona sitima ya Atate. Atate ankagwira ntchito m'sitima yapamadzi. Tsiku limenelo sitimayo inkadutsa pafupi ndi mzinda wawo. Ndipo inkaoneka bwino pamwamba pa phiri.

Ananyamuka onse. Amayi ankakankha chikuku. M'chikukumo munali Lefteri, mlongo wake wa Froso. Lefteri anali asanayambe kuyenda. Agogo Stamati ankabwera m'mbuyo ndi ndodo yawo.

Njira inali yokhotakhota. Mitengo ya paini inali uku ndi uku. Nyenje zinkalira. Dzuwa linkawotcha.

"Phiri ili lakula," anadandaula Agogo. "Chaka chatha linali lalifupi."

"Si phiri, Agogo," anaseka Froso. "Yakula ndi mimba yanu."

"Iwe kambuzi iwe! Ndikakupeza pamwambapo uona!"

Onse anaseka. Amayi okha sanaseke. Maso awo anali m'mwamba. Ankayang'ana mavu.

Ana inu, mavu si anzanu. Mavu saseka ndi munthu. Lefteri anali atalumidwapo kale. Anatupa nkhope yonse. Maso anatsekeka. Anakagona kuchipatala. Adokotala anati, "Mwana uyu asadzalumidwenso." Amayi sanaiwale mawu amenewo.

Pamwamba pa phiri panali malo odyera. Matebulo anali panja, pansi pa mpesa. Kutsogolo kunali kampanda ka miyala. Kuseri kwa kampandako kunali phompho. Pansi penipeni panali madenga ofiira. Kutali kunali nyanja.

Kunabwera Bambo Thanasi, woperekera zakudya. Anayala pepala loyera patebulo. Analipana m'mbali kuti mphepo isaliulutse. Kenaka anabweretsa kambale. M'kambalemo munali ufa wa khofi wouma. Anayatsa machesi. Khofi anayamba kunyeka pang'onopang'ono. Utsi unakwera, unakwera.

"Mlonda wanu ndi ameneyu," anatero Bambo Thanasi. "Sadya. Sagona. Sadandaula. Mavu akamva fungo lake amathawa."

"Ndiye akuposa iwe, Thanasi," anatero Agogo. "Iwe umadya, umagona, umadandaula."

"Inu Bambo Stamati, khalani chete. Mukapitiriza ndikupatsani minga ya nsomba yokhayokha."

Chakudya chinabwera. Nsomba zokazinga. Buledi wotentha. Tomato ndi tchizi. Pomaliza kunabwera mbale ya chivwende chofiira. Lefteri anayamwa kachidutswa. Madzi otsekemera anayenderera pachibwano. Anayenderera m'timanja. Kenaka Lefteri anagona m'chikuku chake.

Mavu analipo. Ankazungulira patali. Ankafika, n'kubwerera. Ankafika, n'kubwerera. Utsi unkawakaniza.

Koma utsi unkamuvutanso Froso. Mphepo inkaubweretsa kwa iye. Unkalowa m'mphuno. Unkalowa m'maso. Froso anayang'ana kunyanja. Sanaone kanthu. Anaona misozi yokha.

"Uko! Uko!" anafuula Agogo. "Sitima ija!"

Amayi anaimirira msanga. Anatenga mpango woyera wokupiza.

"Froso, khala ndi mlongo wako pang'ono. Tikabwera, upita iwe. Usachoke pautsipo."

Amayi ndi Agogo anapita kukampanda. Anthu ena anapitanso. Onse anafulatira matebulo.

Froso anakwera pampando. Anapukuta maso. Utsi unabweranso. Anapukutanso. Utsi unabweranso.

"Utsi iwe, ndiwe woipa," anatero Froso.

Anayang'ana Amayi. Amayi sankamuona. Anayang'ana tambula ya madzi. Tambula inali pafupi.

Ayi, Froso! Bweza dzanja!

Koma Froso anathira madzi m'kambale.

Tsiii!

Khofi anazima. Utsi unatha. Maso anayera. Kutali, pamadzi, panaoneka kadontho koyera.

"Atate!" ananong'ona Froso.

Pomwepo anamva kaphokoso kukhutu.

Vuuu.

Anali mavu awiri. Anatera pambale ya chivwende. Kenaka kunabwera ena. Kenaka enanso. Achikasu ndi akuda. Achiuno chowonda. Vuuu. Vuuu. Mbale yonse inadzaza.

Froso anauma thupi. Mtima unagunda, di, di, di.

Mavu ena anachoka pambale. Anazungulira chikuku. Anamva fungo la chivwende pachibwano cha Lefteri. Anamva fungo m'timanja take. Anatera m'mphepete mwa chikuku. Anayamba kuyenda. Ankayenda kulowera kukadzanja.

Lefteri anali m'tulo. Sankadziwa kanthu.

"Amayi!" anaitana Froso.

Puuuu! Sitima inaliza lipenga lake. Anthu anakuwa mokondwa. Amayi sanamve.

"Agogo!"

Puuuu! Agogo sanamve.

Froso anafuna kuthawa. Miyendo inati, "Thawa!" Anafuna kukupiza manja. Manja anati, "Menya!" Koma mavu samenyedwa, ana inu. Ukamenya, amakwiya. Akakwiya, amaluma aliyense amene ali pafupi. Ndipo amene anali pafupi anali Lefteri.

Froso anatsika pampando. Anatsika pang'onopang'ono. Anavula kampango kake kam'khosi. Anakayala pamwamba pa Lefteri. Kanaphimba timanja. Kanaphimba chibwano.

Mavu sanachoke. Ankafunafuna polowera.

Froso anayang'ana mbale ya chivwende. Anaiyandikira. Anaigwira ndi manja awiri. Anainyamula.

Vuuu! Mavu anadzuka. Anazungulira mutu wake. Anazungulira makutu ake. Kenaka anateranso pambale.

Froso anadutsa pafupi ndi chikuku. Mavu a pachikuku anamva fungo. Anadzuka. Anatsatira mbale.

"Bwerani," ananong'ona Froso. "Bwerani kuno. Musiyeni mlongo wanga."

Anayenda. Sanacheuke. Anayenda. Thukuta linkatsika. Anadutsa tebulo loyamba. Anadutsa lina. Mavu ankayenda pazala zake. Timiyendo tawo tinkamuyabwa.

Kenaka, tswii!

Moto pachala chachikulu! Mavu anamuluma.

Froso anafuna kuponya mbale. Koma chikuku chinali chikadali pafupi. Analuma mlomo. Anayendabe. Misozi inkagwa. Anayendabe. Anafika kumapeto, pansi pa mtengo wa paini. Anaika mbale pansi. Anabwerera chafutambuyo.

Apo m'pamene analira.

"Mayo! Mayo ine! Amayi!"

Tsopano Amayi anamva. Anatembenuka. Anaona kambale kopanda utsi. Nkhope yawo inasintha. Anathamangira kuchikuku. Anachotsa kampango. Anayang'ana timanja. Anayang'ana khosi. Anayang'ana kuseri kwa makutu. Anayang'ananso kachiwiri.

Panalibe chotupa. Lefteri anangoyasamula.

"Ptu, ptu, ptu!" Amayi analavulira kumbali katatu, kuthamangitsa tsoka. Agogo anachita chizindikiro cha mtanda.

Bambo Thanasi anabwera akuthamanga. Anayang'ana m'kambale. Munali matope akuda.

"Ndani wasambitsa mlonda wanga?"

Froso anaweramitsa mutu.

"Ndine, Bambo. Amandilowa m'maso."

"Nanga mbale ya chivwende yapita bwanji uko? Yamera miyendo?"

"Ndinanyamula ndine. Mavu amafuna Lefteri."

Onse anayang'ana pansi pa mtengo. Mbale sinkaoneka. Inali mavu okhaokha.

"Kalanga ine!" anatero Amayi. Anagwada. Anamukumbatira Froso mwamphamvu. "Mwana wosamva iwe! Ndinati chiyani kunyumba kuja?"

"Munati ndisakhudze."

"Nanga iwe?"

"Ndinakhudza. Pepani, Amayi."

Amayi anamupsompsona pamutu. Anamukalipiranso. Anamupsompsonanso.

Bambo Thanasi anabweretsa kambale kena. Anayatsa. Utsi unakwera. Anabweretsanso kachiwiri, n'kukaika pafupi ndi chikuku. Kenaka anatenga botolo la viniga patebulo. Ananyowetsa kansalu. Anakulunga chala cha Froso.

"Ayi! Zikuwawa!"

"Ziwawe," anatero Agogo. "Chala chikumva zimene makutu anakana."

Froso anayang'ana kunyanja. Madzi anali mbee. Sitima inali itapita kuseri kwa chilumba. Froso anali atangoona kadontho kaja basi. Sanakupize mpango. Sanaone bwino sitima ya Atate. Anafuna kuliranso.

"Usalire," anatero Amayi. "Ine ndakupizira tonse. Ndipo Atate akamva za mbale ija, adzaiwala za mpango."

Bambo Thanasi anabweranso ndi mbale ina. Munali timandasi totentha tothira uchi.

"Iti ndi ta wodwala," anatero. "Koma mudyere muutsi."

Froso anasendeza mpando. Anakhala pafupi ndi kambale. Utsi unalowa m'maso. Sanadandaule.

Anachotsa kansalu kuti agwire foloko. Ogo! Chala chinali chitatupa. Chinali chofiira. Chinali chonenepa ngati soseji. Foloko inagwa. Anayesanso. Inagwanso.

Lefteri anadzuka. Anaona chalacho. Anachiloza. Anaseka, ke, ke, ke!

"Ukuseka chiyani iwe?" anatero Froso. "Chala ichi chatupira iwe."

Agogo anatola foloko. Anabaya kamandasi.

"Yasamula, kambuzi. Aaa!"

"Agogo, ine si khanda!"

"Lero ndiwe khanda. Aaa!"

Froso anayasamula. Amayi ankadyetsa Lefteri. Agogo ankadyetsa Froso. Chala chinkagunda, di, di, di. Ndipo potsika phiri, Froso anayenda atachiimika m'mwamba, kuti chisagunde kanthu.