Chitini cha Ufa wa Bambo

Nyumba ya telala wina inali yaing'ono koma yamtendere. Chipinda chakutsogolo ndicho chinali shopu, ndipo kukacha makina ankayamba kulira pansi pa phazi lamanja la bambo mpaka dzuwa kupendeka. Mayi ankasita zosokedwa ndi kusokerera mabatani. Mwana wawo wamkulu, wamkazi, anali pantchito kutali. Pakhomo panatsala mlongo wake, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, waulemu, wosajomba kutchalitchi, koma woonda moti anzake ankamutchula Singano.

Dzina limeneli ndilo linkamudya. Ena akamaseka iye ankasekera limodzi, koma akafika kunyumba ankavula malaya n'kuima pagalasi loyesera zovala la makasitomala, akuwerenga nthiti zake.

Tsiku lina bambo anaponda phini ndi phazi lamanja lija osamva. Patatha sabata ziwiri kabalako kanali kasanapole, ndipo kuchipatala namwino sanabise mawu.

"Shuga wanu wakwera, bambo. Buledi, mpunga, mbatata ndi zotsekemera muchepetse kwambiri. Muzidya mazira, nsomba ndi masamba. Bala limapola thupi likamalandira zomanga thupi, ndiye poti chakudya sichikukulowani, pezani ufa wa mapuloteni wopanda shuga, muzimwa kawiri patsiku. Mukachita chibwana phazili tidula."

Mwana wamkazi atamva anatumiza chitini chachikulu cha ufa umene amautcha weyi, wochokera ku madzi otsala popanga tchizi, ndipo analonjeza kutumiza china mwezi uliwonse. Mayi anachiika pamwamba pa kabati ngati chinthu chopatulika. Bambo, munthu amene tiyi wopanda buledi ankamuti ndi madzi osamba, anasiya buledi tsiku lomwelo. Bala linayamba kuuma m'mbali.

Nthawi imeneyo n'kuti Singano atayamba kupita ku jimu, malo olimbitsira thupi m'garaja yakale imene anaipaka penti n'kuika magalasi khoma lonse. Mwini wake ankatchedwa Chiphona, munthu amene manja ake sankafika m'mbali poyenda.

"Iwe Singano," anatero tsiku lina, "miyezi itatu ukunyamula zitsulo, koma malaya akadali ngati ali pa hang'ala. Ukudya chiyani?"

"Zomwe aphika kunyumba."

"Ndiye vuto lake limenelo. Sitachi siya, imakwirira minofu. Ndipo popanda ichi ukungotaya thukuta." Anakhutchumula botolo lake la ufa woyera.

"Kwathu kuli chitini cha zomwezo, koma ndi cha bambo."

Chiphona anaseka mpaka kugwira khoma. "Mdala akumanga minofu kuti akapikisane ndi ndani? Sipuni imodzi, mphwanga. Ndani amawerenga ufa?"

Madzulo ake Singano anakankha mbale ya mpunga.

"Ine za sitachi ndasiya."

"Wayamba liti kudwala shuga?" anafunsa mayi. "Pakhomo pano wodwala ndi mmodzi, ndatopa naye kale. Idya."

Bambo anangomuyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Thupi ndi chovala, mwana wanga. Ine ndasoka masuti okongola a anthu oipa mtima ambirimbiri. Nyamula zitsulo zakozo, sindikukuletsa, koma galasi lisakulamulire."

Singano anavomera ndi mutu, monga amachitira ana abwino akakhala kuti atsimikiza kale kusamva. M'mawa mwake, mayi ali panja kuyanika zovala, anatapa sipuni imodzi m'chitini cha bambo. Mawa lake anatapa ziwiri.

"Ufawu ukutha msanga bwanji?" anadabwa mayi sabata yachiwiri, akusuzumira m'chitini.

Apa mpamene Singano akanalekera. Kuba kunali kale tchimo, koma tchimo silikonda kuyenda lokha, limaitana mnzake wodzaliphimba. Singano anatenga fulawa m'kabati n'kudzazira pamene panaperewera. Bambo atadandaula kuti chakumwa chazizira kukoma, mnyamatayo anawonjezera shuga wosalala uja mayi ankawaza pakeke. Chitini chatsopano chitafika, anayamba wapungula theka lonse n'kubisa m'chikwama chake cha ku jimu, poti iye mwini sankafuna kumwa fulawa. Musati sankadziwa. Munthu amene ankakana mpunga m'mbale yake ankadziwa bwino lomwe chimene ankathira m'kapu ya bambo ake.

Mapewa anayamba kudzaza malaya. Chiphona anamumenya pamsana n'kunena kuti tsopano wayamba kuoneka ngati munthu. Koma kunyumba kamakina koyezera shuga kanayamba kuonetsa manambala oopsa, ndipo bandeji inkanyowa isanafike nthawi yosintha. Makina osokera ankalira pang'ono n'kukhala chete, kulira pang'ono n'kukhala chete.

Tsiku lopita kuchipatala Singano ndiye anawagwiriza bambo pokwera masitepe. Namwino atamasula bandeji anatembenuza nkhope, kenaka anakalipa.

"Bambo, mukudya chiyani mobisa?"

"Palibe, mayi."

"Nonse mumatero. Magaziwa sanama. Ndi buledi kapena zakumwa zotsekemera?"

Mayi anagwira kukamwa. "Bambo ake, ine ndikudzuka m'mamawa kukuwiritsirani mazira, mwana akudzimana kuti akutumizireni ufa, inu n'kumatuma anthu buledi kuseri? Pa msinkhu wanuwu?"

"Sindinadye," anatero bambo motsitsa, ngati munthu amene watopa ngakhale ndi kudziteteza. Anayang'ana mwana wawo. "Iwe umakhala pakhomo. Unandionapo?"

Singano anatsala pang'ono kuulula. Anaona namwino, anaona mayi, anaona manja ake odzaza bwino aja.

"Ine nthawi zambiri ndimakhala ku jimu," anatero.

Pobwerera, mumtima Singano anadzilonjeza kuti mawa ataya ufa wosakanizawo n'kubwezeramo weniweni. Koma weniweniwo unali utatsala pang'ono, ndipo Chiphona anali atamuuza kuti akadukiza sabata imodzi yokha minofu iphwa. Mawa linabereka mawa linzake. Mayi anayamba kutsekera buledi m'kabati ndi kiyi, namanunkhiza makapu a amuna awo ngati a mwana wakuba. Bambo anasiya kutsutsa. Ankangolandira kapu yawo kawiri patsiku, n'kumwa yonse mokhulupirika mpaka nsenga za pansi.

Zala zinada. Fungo linafika mpaka m'shopu, makasitomala n'kumaimira pakhomo. Lachinayi lina bambo anatentha thupi n'kuyamba kubwebweta, ndipo Loweruka madokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Lamulungu m'mawa mayi anali kukhitchini kukonza zopita nazo kuchipatala. Maso anali otupa. Anatsitsa chitini, natapa sipuni yodzaza.

"Akamwe kaufa kawo," anatero okha. "Kaya kathandiza chiyani, munthu wosamva."

Singano anali ataima pakhomo la khitchini. Anaona sipuni ikulowera m'botolo. Anawagwira dzanja.

"Amayi, musawapatse."

"Ndisiye, ndachedwa."

"Si ufa wawo umenewo. Ndi fulawa ndi shuga. Ndinkathira ndine."

Mayi sanakuwe. Ananyowetsa chala, nakhudza ufawo, nalawa. Kenaka anakhala pansi penipeni, pasimenti, atatambalala.

"Miyezi iwiri," anatero. "Miyezi iwiri ndakhala ndikuwatcha abodza amuna anga. Ndipo chiphecho ndimawapatsa ndi dzanja langali." Anamuyang'ana kuyambira kumapewa mpaka kumapazi. "Ndiye thupi lake ndi limeneli? Chikomekome cha mkuyu. Pita ukawauze wekha, ine ndilibe mphamvu."

M'chipinda cha odwala bambo anagona chagada, bulangeti litaphwa mbali imodzi. Singano anagwada pambali pa bedi nanena zonse, kuyambira sipuni yoyamba. Ankayembekeza mbama, ndipo akanailandira mokondwa. Bambo anangoyang'ana kudenga.

"Ndinkadabwa kuti bwanji chikumata m'kamwa," anatero. "Ndinkati ndi lilime la matenda."

"Ndikhululukireni, bambo."

"Mwina mwendowu ukanapitabe. Dokotala akuti matendawa ndi otero. Sitidzadziwa, ndipo iwe udzakhala nalo funso limenelo moyo wako wonse." Anatembenukira kwa iye. "Ufa sukundiwawa. Ukanapempha ndikanakugawira, ndine bambo ako. Chikundiwawa ndi tsiku lija pamaso pa namwino. Ndinakufunsa, mwana wanga."

Singano analira monga sanalirepo chikulireni.

"Ndakukhululukira, chifukwa nanenso ndimapempha chikhululuko tsiku lililonse. Koma chikhululuko sichimeretsa mwendo. Dzuka, undikweze pilo."

Bambo anatuluka m'chipatala patatha sabata zitatu. Namwino analetsa kupondera makina ndi phazi lotsalalo, poti nalonso linali litayamba dzanzi. Mwana wamkazi uja anapitiriza kutumiza chitini, koma foni ya Singano sankayankha. Ku jimu mnyamatayo sanapitekonso, ndipo Chiphona sanabwere n'komwe kudzazonda. Zitsulo za Singano tsopano zinali bambo ake: kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, pampando kupita kubafa, m'mawa ndi madzulo.

Lolemba lina bambo anati awakhazike pafupi ndi makina. Anatulutsa thalauza lawo lakuda la kutchalitchi, nayeza ndi tepi, nalemba mzere ndi choko m'munsi mwa bondo lamanja.

"Khala apo. Phazi pachopondera. Dula apa, upinde, usoke."

"Bambo, sindingathe."

"Uthe. Ndilibe wina."

Singano anadula. Chidutswa cha mwendo wa thalauza chinagwera pansi, ndipo palibe anachitola. Makina analira mokayikakayika, mzere n'kukhota ngati njira ya woledzera, bambo akuwongolera nsalu ndi dzanja limodzi.

Inu achinyamata, ufa uja unalibe mlandu, ndipo kulimbitsa thupi si tchimo. Tchimo ndi kukonda maonekedwe ako mpaka kubera wodwala, kenaka n'kukhala chete wosalakwa akunyozedwa m'malo mwako. Mukalakwa ululani lero, bala likadali laling'ono. Singano anaulula, ndipo anakhululukidwa, koma anachedwa ndi miyezi iwiri. Mpaka pano Loweruka lililonse amapolisha nsapato ya bambo ake yopitira kutchalitchi, imodzi yokha, yakumanzere.