Belu la Pakati pa Phompho

Marisela anakumana ndi Fidencio pachipata cha kabasi kolendewera pachingwe, komwe mtsikanayu ankagwira ntchito yowolotsa alendo pamwamba pa phompho la ku Chihuahua. Fidencio ankaperekeza alendo otsika sitima, koma iye ankathera pachipata pomwepo.

"Takwera, wamantha iwe!" Marisela ankamuseka.

"Duwa langa, ine ndikangosuzumira pansi mawondo amanjenjemera. Koma tsiku lodzakuveka mphete ndidzakwera. Ndikulumbira!"

Mvula inagwa, inakata, inagwanso, mphete osaoneka. Lero mutu, mawa ntchito. Ha, mwamuna wa zifukwa ngati ameneyu! Koma Marisela anadikirabe, poti ankamukonda.

Lachiwiri linali tsiku lake lopuma, koma mnzake anadwala, iye n'kukalowa m'malo. Akutseka chitseko cha kabasi, foni inalira. Unali uthenga wa Fidencio.

"Wapamtima, upume bwino lero. Ndaperekeza amayi kutauni. Ndiwe wekha basi."

Anamwetulira, nthawi yoyankha panalibe.

Timabasito ndi tiwiri, kena kakamapita kena kakubwera, ndipo timadutsana pakati pa phompho. Mwambo wake ngwakuti wina akaveka mnzake mphete m'mwambamo, wa mu kabasi kenako ayenera kuliza belu.

Ali pafupi kudutsana, wayilesi inalankhula. Anali bambo Eusebio, amene anali atangoyamba kumene ntchito mu kabasi kenako.

"Chemwali, lizani belu! Kuno wina wagwada!"

Marisela analiza ndi mtima wonse. "Manja, anthuni, manja!" anauza alendo ake.

Kabasi kaja kanafika pafupi. Jekete yofiira ija, si yomwe iye mwini anagulira bwenzi lake pa Khirisimasi? Fidencio! Atagwada mphepete mwa galasi penipeni, phompho lili pansi, mawondo osanjenjemera n'komwe, atagwira dzanja la mkazi wina.

Maso awo anaphana. Fidencio anangoti kukamwa yasa.

Marisela anafuna kukuwa, anafuna kumugenda ndi belu lomwelo. Koma akanatulukira pati? Chitseko chokhoma, pansi miyala yokhayokha, alendo akuwombabe m'manja, chingwe chikukoka pang'onopang'ono ngati chikuchita dala. Misozi ya mkwiyo inangoyamba yokha.

Foni inaliranso. "Duwa langa, ndikufotokozera."

Mayi wina wachikulire mwa alendowo anamusisita paphewa. "Usalire mwana wanga, lako tsiku lidzafika."

Marisela anathimitsa foni, napukuta maso.

"Linali lomweli, mayi. Belu lake ndaliza ndekha."